Phunziro 18: Udzu wa nthenga ndi hosta

Anthu amabzala cimanga kuti adye nsima. Amabzala nyemba kuti apeze ndiwo. Amabzala thonje kuti agulitse. Koma pali zomera zina zimene anthu amabzala kuti pakhomo pakongole basi. Nchito ya zomera zimenezi ndi kukondweretsa maso.

Phunziro ili likunena za zomera ziwiri zotere. Cimodzi ndi udzu wa nthenga. Cinzake ndi hosta. Zonse ziwiri ndi za kutali. Zimapezeka kwambiri m'minda ya maluwa ya ku Ulaya ndi ku America. Cimodzi cimafuna dzuwa. Cinzake cimafuna mthunzi. Munthu akazisinthanitsa malo, zonse ziwiri zimavutika.

Zomera zokhala zaka zambiri

Cimanga cimabzalidwa mvula ikagwa. Cimakula, cimabereka, cimauma. Cikauma, catha. Caka camawa mlimi amabzalanso mbewu ina. Nyemba ndi mtedza nazo zimatero.

Nthoci siitero. Munthu akadula mtengo wa nthoci, phata lake limatsala m'nthaka. Phata limenelo lili moyo. Pakapita masiku, ana a nthoci amaphuka pambali. Nzimbe nayo imaphukanso ikadulidwa. Nsenjere ikapsa ndi moto, mvula yoyamba imaidzutsa.

Udzu wa nthenga ndi hosta zili m'gulu la nthoci ndi nzimbe. Masamba amauma, koma mizu siifa. Munthu amabzala kamodzi, nadikira kuti ziphuke caka ndi caka. Nchifukwa cake wobzala ayenera kuganiza bwino asanakumbe dzenje. Cimanga cobzalidwa pamalo olakwika cimavutitsa caka cimodzi. Comera ca zaka zambiri cimavutitsa zaka zambiri.

Udzu wa nthenga

Udzu uwu ndi wautali. Masamba ake amafika m'cifuwa mwa munthu wamkulu. Pakati pa masamba pamatuluka mapesi. Mapesi amakwera mpaka mamita 3, ena mpaka mamita 4. Citseko ca kalasi ndi mamita 2. Conco phesi lalitali limafanana ndi zitseko ziwiri, cina pamwamba pa cinzake.

Pamwamba pa phesi pali ngayaye. Ngayaye zimayamba zofiirira pang'ono. Kenaka zimatuwa, nkukhala zofewa ngati nthenga za nkhuku. Dzina la udzu uwu likucokera pamenepo. Mphepo ikaomba, nthenga zonse zimagwadira mbali imodzi. Mphepo ikaleka, zimadzuka. Masamba nawo amacita phokoso: wayowayo, wayowayo.

Tsamba lake ndi lalitali ndi lopyapyala. Lili ndi mzere woyera pakati. M'mbali mwake ndi mwakuthwa. Mwana amene anacekedwapo ndi tsamba la nzimbe akudziwa ululu wake. Ndipo sizodabwitsa, pakuti udzu wa nthenga ndi m'bale wa nzimbe. Kusiyana kwake nkwakuti nzimbe ili ndi madzi otsekemera, pamene phesi la udzu uwu palibe amene amalitafuna.

Kwawo kwa udzu uwu ndi kumwera kwa Ulaya, kumpoto kwa Africa, ndi mbali ya Asia mpaka ku India. Ku Italia kuli mzinda wa Ravenna. Anthu ambiri amati udzu wa ku Ravenna, potengera mzinda umenewo.

Udzu wa nthenga umakonda dzuwa tsiku lonse. Ukakhazikika, suopa cilala. Sufunanso manyowa ambiri. Nthaka ikanona kwambiri, mapesi amafooka nkugwa. Pa mthunzi umakula monyentchera, ndipo nthenga sizituluka bwino.

Werengani mokweza

u-dzu
dzu-wa
U-dzu u-fu-na dzu-wa.

dza dze dzi dzo dzu

dzanja, dzenje, dzina, madzi, mudzi, dzombe, dzungu

Dzombe lili pa udzu.
Udzu uli pa dzuwa.
Madzi ali m'dzenje.

Hosta

Hosta ndi yaifupi. Mitundu yambiri siipitirira bondo la munthu wamkulu. Ilibe mapesi olimba. Ilibe minga. Masamba onse amatuluka pa phata limodzi, nkugonera mbali zonse ngati nkhuku yofungatira anapiye.

Anthu amakonda hosta cifukwa ca masamba. Tsamba lake ndi lotakata, ndipo lambiri limaoneka ngati mtima. Lili ndi mitsempha yoonekera bwino. Hosta ina ili ndi tsamba laling'ono ngati khutu la mbewa. Ina ili ndi tsamba lalikulu kuposa mbale ya nsima. Ina ndi yobiriwira. Ina ndi yacikasu. Ina ndi yobiriwira pakati, yoyera m'mbali, ngati munthu wina anailemba ndi coko. Ilipo ina yooneka ngati thambo. Mtundu umenewo umabwera cifukwa ca phula lopyapyala limene lili pamwamba pa tsamba. Dzuwa likatentha kwambiri, phula limacoka, tsamba nkukhala lobiriwira wamba.

Maluwa ilinso nawo. Amatuluka pa kamtengo kowonda, pamwamba pa masamba. Ena ndi oyera. Ena amafanana ndi maluwa a mbatata. Pali hosta ina ya ku China imene maluwa ake oyera amatseguka madzulo, ndipo amanunkhira. Koma maluwa a hosta sakhalitsa. Masamba ndiwo amakhala nyengo yonse.

Kwawo kwa hosta ndi ku Japan, ku Korea ndi ku China. Kumeneko imamera m'nkhalango, m'mapiri, ndi m'mbali mwa timitsinje. Nchifukwa cake imakonda mthunzi ndi cinyontho. Imafuna nthaka yofewa, ya masamba oola. Dzuwa la m'mawa siliipweteka. Dzuwa la masana limapsereza masamba ake, nkuuma m'mbali ngati pepala loyandikira moto.

Hosta ili ndi m'bale amene ana onse amamudziwa. M'bale wake ndi khonje, lija anthu amapotera zingwe. Khonje ndi lolimba, la minga, ndipo limaima pa dzuwa osadandaula. Hosta ndi yofewa, yobisala pa mthunzi. Pa banja limodzi pamabadwa ana osiyana.

Dzina ili si la Cinyanja. Onani zilembo s ndi t zagundana pakati. Mawu a Cinyanja satero. Powerenga, ana ambiri amati ho-si-ta, ndipo palibe colakwa.

mthu-nzi
tsa-mba
nkho-no
Ho-sta i-fu-na mthu-nzi.

Nthawi ya cisanu

Ku maiko amene zomera izi zimabzalidwa kumazizira koopsa. Madzi amaundana. Cipale cofewa cimagwa, nkuphimba nthaka.

Cisanu cikafika, masamba a hosta amafota, amagwa, amaola. Pamalo pamene panali hosta pamakhala pambalambanda. Mlendo angaganize kuti palibe canthu. Koma pansi phata lili mtulo. Kukayamba kufunda, timphukira tosongoka ngati nyanga za mbuzi timaboola nthaka. Timphukira timeneti timafunyululuka nkukhala masamba.

Tulo timeneti hosta imatifuna. Ikapanda kugona pa kuzizira kwa masabata angapo, imadzuka yofooka. Caka cotsatira imafookerabe.

Udzu wa nthenga nawo umauma, koma sugwa. Umaima cilili ndi nthenga zake nyengo yonse yozizira. Munda wonse uli mbee, udzu wokha ndiwo uli woonekera. Nyengo yozizira ikamatha, mwini munda amaumweta pafupi ndi nthaka. Masamba atsopano amaphuka pa citsa.

Agogo aona cithunzi

Mtsikana wina wa kalasi yoyamba anapita ndi buku kunyumba. Anapeza agogo ake akusenda nyemba pa khonde. Anawaonetsa cithunzi ca udzu wa nthenga.

"Agogo, taonani udzu wokongola."

Agogo anayang'ana. "Mdzukulu wanga, imeneyi si nsenjere?"

"Iyayi, agogo. Ndi udzu wa nthenga. Azungu amabzala pakhomo."

Agogo anaseka. "Ife timalimbana ndi udzu ndi khasu, iwo akubzala?"

"Amati ndi wokongola. Tiyeni nafenso tibzale apa, pafupi ndi nkhokwe."

Agogo analeka kusenda. "Pafupi ndi nkhokwe ayi. Udzu wautali ukauma ndi nkhuni za moto. Mwezi wa Okutobala kamoto kakang'ono kangathawe pa mafuwa. Kakagwira udzu, kagwira denga la nkhokwe. Nanga tidzadya ciani? Ndiponso mu udzu wothithikana mumabisala mbewa. Kumene kuli mbewa, njoka imatsatira."

Mtsikana anatsegula tsamba lina. "Nanga iyi, agogo? Ilibe moto iyi."

"Imeneyi ikufanana ndi koko wa ku dimba. Imamwa madzi oculuka bwanji?"

"Buku likuti nthaka isaume."

"Ndiye funsa amako kuti citsime cili kutali bwanji. Cilimwe cino ndani adzasenza ndowa ya masamba osadya?"

Mtsikana anakhala cete. Kenaka anati, "Madzi otsukira mbale aja timataya kuseri."

"Eya," anatero agogo. "Pamenepo waganiza."

Adani a hosta, ndi vuto la udzu

Mdani wamkulu wa hosta ndi nkhono. Pali nkhono ya cigoba, palinso nkhono yopanda cigoba. Zonse zimakonda malo a mthunzi ndi cinyontho, malo omwewo amene hosta imakonda. Zimatuluka usiku. M'mawa tsamba limapezeka lili mabowo okhaokha, ndi mzere wonyezimira pamene nkhono yadutsa. Tsamba lobooka silipola. Limakhala conco mpaka caka citatha. Eni minda amatola nkhono ndi manja madzulo. Ena amasankha hosta ya masamba okhuthala, cifukwa nkhono siziikonda kwambiri. Agwape ndi akalulu a kumeneko nawo amadya hosta ngati ndiwo.

Udzu wa nthenga suopa nkhono. Agwape amaulambalala. Vuto lake ndi lina. Udzu uwu suthera pamene waikidwa. Nthenga iliyonse ili ndi njere zambirimbiri zopepuka. Mphepo imaziulutsa. Madzi amazitenga. Zikagwera pa mcenga wonyowa wa m'mbali mwa mtsinje, zimamera.

Izi zinacitika ku America. Anthu anabweretsa udzu uwu kuti ukongoletse minda. Udzu unathawa m'minda nkukafika ku mtsinje wa Colorado, m'cigwa cacikulu ca Grand Canyon. Kumeneko unayamba kulanda malo a zomera za komweko. Osamalira cigwaco akhala akuuzula ndi kuukumba ndi manja. Ku South Africa kuli udzu wina wofanana nawo, wa pampas, wocokera ku South America. Nawonso uli ndi nthenga zoyera zokongola. Nawonso unathawa m'minda, ndipo lamulo la dziko limenelo limaletsa kuubzala.

Hosta siithawa. Imakhala pamene yaikidwa, phata nkumakula pang'onopang'ono. Pa mbali imeneyi hosta ndi mlendo waulemu. Udzu wa nthenga ndi mlendo wobwera ndi abale ake onse.

Yankhani

Ndi comera citi cimafuna dzuwa?
Nkhono imadya tsamba la ciani?
M'bale wa nzimbe ndani? Nanga m'bale wa khonje?
Cifukwa ciani agogo anakana udzu pafupi ndi nkhokwe?
Phata limodzi la hosta lagawidwa pa 4. Amayi apatsa anansi zidutswa 2. Zatsala zingati?

Jambulani tsamba lalitali ndi tsamba lotakata. Pamwamba pa lalitali jambulani dzuwa. Pamwamba pa lotakata jambulani mtengo.

M'Cipwitikizi udzu ndi capim. Dzuwa ndi sol. Mthunzi ndi sombra. Tsamba ndi folha. Muzu ndi raiz. Nkhono ndi caracol. Nenani mawu amenewa pakamwa. Kulemba kwake kudzabwera m'tsogolo.

Kwa makolo ndi abale

Gawo ili ndi la akulu amene amathandiza mwana kuwerenga madzulo. Mwana angafunse kumene maina awa anacokera. Hosta inapatsidwa dzina limeneli m'caka ca 1812, polemekeza Nicolaus Thomas Host, dotolo ndi katswiri wa zomera wa ku Austria. Ku Japan dzina lake ndi giboshi. Dotolo wina wa ku Germany, Philipp Franz von Siebold, anakhala ku Nagasaki kuyambira 1823, ndipo anabwerera ku Ulaya mu 1830 ndi zomera zambiri za ku Japan. Hosta zinali m'gulu limenelo. Kucokera pamenepo alimi a maluwa akhala akukwatitsa ndi kusankha, mpaka lero mitundu ya hosta ya m'minda ili m'zikwi. Udzu wa nthenga m'mabuku ambiri umalembedwa Saccharum ravennae. Mawu oyambawo ndi dzina lomwelo la nzimbe. Akatswiri ambiri tsopano amalemba Tripidium ravennae, koma ubale ndi nzimbe ulipobe.

Ku Japan anthu amadya mphukira zanthete za hosta ngati ndiwo. Mwana akamva zimenezi asatengerepo cilolezo colawa masamba a m'munda wa maluwa. Hosta yomweyo imadwalitsa agalu, amphaka ndi akavalo. Zomera zina zokongoletsa zili ndi poizoni woopsa. Mwana aphunzire kufunsa wamkulu asanaike tsamba lacilendo mkamwa.

Funso lina limene ana amafunsa ndi lakuti, kodi kuno zingamere? Moçambique ndi dziko lofunda. Mumzinda wa Tete kumatentha kwambiri, ndipo hosta singapeze tulo ta cisanu timene imafuna. Ku mapiri a Angónia, Tsangano ndi Lichinga kumazizira m'miyezi ya Juni ndi Julayi, koma kuzizira kumeneko sikufika pa cisanu ca ku Japan. Ndiponso kukangofunda, mvula imakhala isanagwe, pamene hosta yodzuka kumene imafuna madzi. Banja lotunga madzi kutali lingataye mphamvu pacabe. Udzu wa nthenga sungavutike ndi dzuwa la kuno. Koma kumera mosavuta komweko ndiko koopsa. Madimba ali m'mbali mwa mitsinje, pamalo enieni amene njere zake zimakonda. Udzu wa phata lalikulu ukalowa m'dimba, khasu limodzi silikwanira. Pa ziwirizi, hosta ingangofa yokha. Udzu ungavutitse mudzi wonse.

Phunziro lenileni la mwana ndi kuyang'ana malo asanabzale, ndipo limeneli angaliphunzire ndi zomera za pafupi. Pa dzuwa pali udzu wa tiyi uja wonunkhira mandimu, umene ambiri amati balakate. Umakhala zaka zambiri, umapanga phata lozungulira, sutalika kwambiri, ndipo masamba ake amalowa m'ketulo. Pa malo onyowa a mthunzi pang'ono pali koko, amene ena amati madumbe. Masamba ake ndi otakata ngati a hosta, ndipo dontho la madzi limagubuduka pamwamba pake osanyowetsa. Koko wosaphika amayabwa mkamwa, conco mwana angoyang'ana ndi kuthirira.

Tsiku limodzi lopanda sukulu, mwana ayende ndi wamkulu kuzungulira nyumba katatu: m'mawa, masana ndi madzulo. Paliponse pamene pali dzuwa aike kamwala. Pamene pali mthunzi aike kamtengo. Madzulo awerenge. Malo a timiyala titatu ndi malo a dzuwa. Malo a timitengo tiwiri kapena titatu ndi malo a mthunzi. Ana ambiri amadabwa kuona kuti mthunzi umayenda. Pansi penipeni pa mtengo wa mango pamakhala mdima wambiri, ndipo mizu ya mtengo imamwa madzi onse. Malo abwino ndi m'mphepete mwa mthunziwo, kapena kuseri kwa nyumba kumene madzi a denga amagwera.

Kugawa phata ndiyo njira imene eni minda amacurukitsira hosta ndi udzu wa nthenga, ndipo balakate amagawidwa cimodzimodzi. Nthawi yabwino ndi pamene mvula yakhazikika, tsiku la mitambo kapena madzulo. Wamkulu akumbe mozungulira phata ndi khasu, alizule ndi dothi lake. Adule masamba kuti atsale aatali ngati cikhatho, popeza mizu yovulala singamwetse masamba ambiri. Kenaka ang'ambe phata ndi manja kapena alidule ndi mpeni. Cidutswa ciliconse cikhale ndi mizu yake ndi mphukira ziwiri kapena zitatu. Mpeni ndi khasu ndi za wamkulu. Nchito ya mwana ndi kuika cidutswa m'dzenje, kukwirira mpaka pamene dothi linali kale, kutsendera ndi manja, ndi kuthira madzi. Pamudzi wa mbuzi ndi nkhuku, azungulize timitengo ta minga.

Udzu uliwonse wokongoletsa ukhale kutali ndi denga la udzu, nkhokwe ndi khichini, ndipo umwetedwe ndi zenga cilimwe cisanafike pacimake. Mwana aike kamtengo pambali pa comera cake, adule cizindikiro pamene tsamba lalitali lafika. Loweruka lililonse ayezenso, nawerenge masamba atsopano. Nambala imeneyo aibweretse ku kalasi Lolemba.